Pensulo Anathawa Masana

Aphunzitsi anali mkati molongedza mabuku m'makatoni pamene Sajeni anasuzumira pakhomo.

"Mwayamba kale kusamuka, aphunzitsi? Choko chokha mutisiyireko."

Iwo anangopitiriza kulongedza. Kalasiyo inali chipinda chakumapeto kwa ndende ya achinyamata. Munali mabenchi osiyana msinkhu, bolodi long'aluka pakona, ndi zenera lazitsulo loyang'ana kumpanda. Zonse za m'menemo zinkachokera ku bungwe lina lothandiza: mabuku, makope, malipiro a aphunzitsiwo, ngakhale ndalama zolembetsera anyamata mayeso a kumapeto kwa chaka. Tsopano bungwelo linali litasamba m'manja.

Chimene chinkawapweteka kwambiri aphunzitsiwo n'chakuti msamphawo anautchera okha. Kumayambiriro kwa chaka bungwelo linanena kuti thumba laphwa, ndipo liyenera kusankha pakati pa sukuluyi ndi ntchito zina. Linati lidzatumiza mayi wina kudzaona ngati maphunziro amasinthadi mwana wa m'ndende. Aphunzitsi sanauze anyamatawo kanthu. Anaona kuti ali kale ndi nkhawa zokwanira. Anangokonza zoti mayiyo adzaone Pensulo.

Dzinali anam'patsa anzake chifukwa chowonda ndi kutalika. Analowa m'ndende atathyola sitolo. Sukulu anaisiyira panjira mayi ake atamwalira, amalume ake atamuuza kuti mabuku sadyedwa. Masiku oyamba ankakhala kumbuyo, mutu uli pabenchi. Chaka chisanathe anali atasamukira kutsogolo, ndipo aphunzitsi akatuluka ankagwira choko n'kumafotokozera anzake masamu. Chilango chake chinali kutha sabata yomwe mayiyo ankabwera.

"Ukatuluka ukapitirize sukulu, wamva?" anamuuza aphunzitsi kutatsala tsiku limodzi kuti mayiyo abwere. Pensulo anangoyang'ana pansi.

Tsikulo mayi wa kubungwe anakhala pabenchi lakutsogolo, chikwama chili pamiyendo. Asilikali ambiri anali kugeti komwe anakam'landira. Aphunzitsi anali atavala jekete lawo lokhalo, ndipo anali atangoyamba kunena kuti pali mnyamata amene akufuna kuti amuone, wenzulo inalira. Onse anatembenukira kuzenera. Pamwamba pa mpanda, dzuwa likuswa mtengo, panali munthu wamtali wowonda, malaya atakodwa pawaya. Anawakoka, anang'ambika, iye n'kugwera kunja.

"Ndani ameneyo?" anafunsa mayiyo.

"Ndi yemwe ndimati mumuoneyo, mayi."

Mayiyo sanali wankhanza. Anangofunsa kuti, "Bambo, ngati wabwino kuposa onse ndi ameneyo, ine ndikanena chiyani kwa akuluakulu anga?"

Yankho la bungwe silinachedwe kubwera.

Tsopano, aphunzitsi akulongedzabe, Sajeni uja analowa n'kukhala pabenchi, miyendo atatambasula.

"Chiyambire ntchito ino, wothawa ngati uyu sindinamuone. Anzake akathawa timavala nsapato zothamangira. Uyu tinam'peza atakhala pamwala kuseri kwa mpanda komweko, akudzizula minga kuphazi. Wochenjera pabolodi, chitsiru pamoyo. Munthu wakonza kale kachikwama kobwerera kwawo, n'kukwera mpanda!" Anapukusa mutu akuseka. "Ndende imalowa m'magazi, aphunzitsi. Inu mumangolimbana ndi mtunda wopanda madzi."

Kale aphunzitsi akanam'tsutsa. Lero anangotenga buku lina, n'kulipukuta fumbi ndi mkono wa malaya. Malemu akazi awo ankakonda kuwauza kuti amakhulupirira anthu msanga, ndipo iwo ankaseka. Anaganizira za anyamata ena aja, amene m'mawa uno anatengedwa kukalima kumunda nthawi ya masamu, ndipo palibe anawauza chifukwa chake. Ena a iwo anali atangophunzira kulemba mayina awo. Onsewo analipira mlandu wa munthu mmodzi.

"Pensulo wabwerako kukhoti," anatero Sajeni. "Chifikire akungolira dzina lanu. Ati akuoneni basi."

"Ndilibe naye mawu."

"Mukamuuze nokha. Ine makutu andiwawa."

Sajeni anatuluka, ndipo posakhalitsa kukhonde kunamveka mapazi a anthu awiri, wina akutsimphina. Aphunzitsi anafulatira khomo. Anagwada pa katoni yomaliza n'kuyamba kuimanga ndi chingwe. Anamva kulira kwa unyolo kumbuyo kwawo.

"Mwaswera bwanji, aphunzitsi?"

Anakoka mfundo mpaka chingwe chinawacheka chala. Anali atakonza mawu ambiri masiku onsewa, koma atatembenuka anatsala ndi ochepa. Mnyamatayo anali atatupa mlomo, diso limodzi litatsekeka. Chodabwitsa, ankamwetulira.

"Ndinakulakwira chiyani, mwanawe?"

"Pepani, aphunzitsi. Kunjaku palibe akanandilembetsa mayeso, amalume mukuwadziwa. Koma zatheka, andiwonjezera chaka chathunthu. Ndilembera konkuno."

Apo m'pamene diso lake lotsegukalo linaona mashelefu opanda kanthu.

"Nanga mabukuwa akupita kuti?"