Jekete Lakuda la Eston

Panali munthu wina ku Nkhotakota, dzina lake Eston, wakabaza wa pa Boma. Nkhaniyi akuti ndi yoona, wanditumizira ndi munthu amene anaona ndi maso.

Eston ankakonda kuimba. Akanyamula munthu panjinga ankapalasa uku akuimba nyimbo zopeka yekha, moti ena ankasankha njinga yake chifukwa cha nyimbozo. Chaka china mu Okutobala kunabwera chikondwerero cha nyimbo pamchenga wa kunyanja. Okonza anati oimba a m'deralo apikisane masana, wopambana akajambulitse nyimbo zake ku situdiyo ku Lilongwe. Eston analembetsa, ndipo anamutenga.

Tsiku litayandikira, pamsika panaima galimoto ya bambo wina wachilendo wogulitsa zovala. Atamva kuti Eston akaimba, anamukokera pambali.

"Achimwene, ine ndi amene ndimaveka oimba a m'tauni. Anthu amayamba akuonani, kumvetsera kumabwera pambuyo. Tayesani izi."

Linali jekete lakuda lonyezimira, akuti lachikopa, thalauza yothina ya mtundu womwewo, jombo zazitali ndi chipewa chaubweya. Eston atadziyang'ana pagalasi la galimotoyo sanafunsenso kanthu. Anagula zonse.

Kunyumba anapeza mkazi wake Nester atamusitira kale malaya opepuka a chitenje ndi thalauza yotakasuka, pambali ataika masandasi ndi chipewa chamlaza. Nester anagwira jekete lija, nalinunkhiza.

"Bambo a Atikonda, ichi si chikopa, ndi pulasitiki. Mukaimba masana, nthawi imene mchenga umawotcha mapazi. Mukapsa m'menemu."

"Mayi a Atikonda, mukufuna ndikaoneke ngati ndikupita ku chinkhoswe?"

"Chabwino, valani malayawa. Jeketelo mukalivale pokwera pasiteji pokha."

"Ayi. Zaka zonsezi anthu akhala akundiona ndi malaya othethekera pamsana, thukuta lili kamukamu. Tsiku limeneli andione bwino, kuyambira pakhomo pano mpaka kunyanja."

"Ndiye mutenge madzi."

"Woimba wanji woyenda ndi chigubu ngati akupita kumunda?"

Tsiku litafika, Eston anavala zonse m'mawa, nayenda wapansi kuti aliyense amuone. Anthu anamuonadi. Ena ankaimba mluzu, ena kumupempha kuti ajambulitse naye. Mpikisano unachedwa kuyamba. Oimba anzake anakakhala pamthunzi wa mango, koma iye anaimirira padzuwa pomwe panali anthu ambiri. Nester anamubweretsera madzi, iye anangogwedeza dzanja.

"Musandichititse manyazi, anthu akundijambula."

Dzina lake litaitanidwa, anakwera pasiteji mapazi atatupa kale m'jombo. Anayamba bwino zedi. Akabaza anzake anakuwa, amayi anayamba kuvina, oweruza anayang'anana. Atafika pakati pa nyimbo, mawu anakana kutuluka. Lilime linali litauma gwa. Anayesanso, anadzandira, kenako anagwa chagada pafupi ndi ng'oma.

Nester anathamanga. Mlonda wa pasiteji anafuna kumutsekereza.

"Ndi amuna anga awa, ndisiyeni ndidutse!"

Zipi ya jekete inakana kutseguka. Zakuda zonyezimira zija zinali zitafewa, zikumatirira pakhosi ndi m'mikono. Nester anatenga mpeni kwa mayi wina wokazinga chipisi, nang'amba jeketelo kuyambira pakhosi mpaka m'chiuno. Anamuvula jombo, namuthira madzi thupi lonse. Anyamata ena anali atamuzungulira, mafoni ali m'mwamba.

"Mukujambula chiyani?" Nester anawakalipira. "Simunaonepo munthu atakomoka? Amene ali ndi manja agwire mwendo uwu. Amene alibe achoke, mukutitsekera mphepo!"

Awiri anaika mafoni m'thumba, nathandiza kumunyamula.

Kuchipatala anamuika diripi. Namwino anati madzi anali atatha m'thupi, akanachedwa naye pang'ono ikanakhala nkhani ina. Eston atatsitsimuka anayang'ana mkazi wake.

"Nyimbo ija ndinamaliza?"

"Simunamalize. Apambana ena, mtsikana wa kwa Mwadzama."

Eston anatembenukira kukhoma. Mwayi wa ku situdiyo unali utapita. Bambo wogulitsa zovala uja sanaonekenso pamsika. Kanema wa kugwa kwake anayenda m'mafoni mpaka ku Dwangwa, ndipo asanatuluke n'komwe m'chipatala anali atapatsidwa kale dzina latsopano: Jekete.

Nester anaganiza kuti mwamuna wake abisala m'nyumba mpaka anthu aiwale. Koma Lolemba m'mawa Eston anatulutsa njinga, matuza akadali pakhosi.

"Dikirani mupole kaye. Akakusekani."

"Akaseke. Ndinalakwa posakumverani, zimenezo ndavomera. Koma sindinabe kanthu ka munthu."

Atafika pomwe akabaza amadikirira anthu, kuseka kunabuka. Mmodzi, Swaleh, anadzigwetsa pansi kumutsanzira.

"Jekete wafika! Tatiimbireni ija ya theka ija!"

Eston anaimika njinga, nayang'ana onse mmodzimmodzi.

"Inde ndinagwa. Koma ndinagwera pasiteji, mtundu wa anthu ukuvina nyimbo yanga. Inu munakwerapo pati? Chaka chamawa ndikulembetsanso. Mubwere ndi mafoni anuwo."

Mayi wina wonyamula dengu la mpunga anakwera njinga yake, ndipo Eston anayamba nyimbo ija pomwe inadukira, akupalasa kulowera kumsika.

Phunziro: Kutchena sikulakwa, koma valani zogwirizana ndi malo ndi nyengo, osati zongokomera kamera. Kunyanja nthawi yotentha valani zopepuka, chipewa chotchinga dzuwa ndi nsapato zoti mapazi azipuma, ndipo madzi asachoke m'manja. Wogulitsa akakutamani amapita kwawo, wotsala nanu kuchipatala ndi amene munakana kumumvera uja. Ndipo mukagwa, dzukani, osekawo sadzakupalasirani njinga. Musangowerenga n'kusunga, tumizirani anzanu onse amene akukonzekera zikondwerero chaka chino.