Maso a Bilimankhwe

Padangokhala Bilimankhwe, mnyamata wokonda fashoni, amene diso lake lina linkasuzumira zovala za kumanja, lina za kumanzere. Tsiku lina anaseka Khwangwala.

"Achimwene, suti yakuda ndi kolala yoyera chaka ndi chaka? Tiyeni ku ukwati wa Nkhanga, tikaone amene akamuimbire nthungululu."

Ku ukwatiko Bilimankhwe sanapume. Akaima pafupi ndi chitenje chofiira ankafiira, chikadutsa chachikasu nayenso chikasu. Anafanana ndi aliyense, mpaka operekera zakudya anamudutsa osamuona. Koma Khwangwala ankalonjeredwa ndi dzina paliponse.

Kenako Khwangwala anapeza Bilimankhwe kuseri kwa tenti akulira, khungu lili mbuu.

"Kodi mtundu wanu weniweni ndi uti, achimwene?"

"Ndinaiwala," anayankha Bilimankhwe.

"Tatsinzinani kaye. Maso anuwa atopa ndi kuyendera anthu."

Bilimankhwe anatsinzina, nausa moyo. Pang'onopang'ono thupi lake linabiriwira ngati msipu wa mvula yoyamba. Mkwatibwi Nkhanga podutsa anaima, naimba nthungululu.

"Aa, a Bilimankhwe, mwafika liti? Mpando wanu wakhala ukukudikirani chiyambire m'mawa!"