Zitseko za Kabati ya a Namate

A Namate atatsekula bukulo, dothi linakhuthukira pa tebulo. Chiswe chinali chitadya masamba onse, nkusiya chikuto chokha.

A Namate, woyang'anira laibulale ya pa koleji ya aphunzitsi, anaima chilili makiyi ali m'manja. Kwa zaka khumi ndi zisanu anakhala akukiya kabati ya mabuku m'mene munali bukulo, ndipo ankanyadira kuti palibe buku limene linasowapo. Patsogolo pawo panali patagwada Millie, wophunzira wochokera ku Limbuli, amene anapempha bukulo chifukwa mayeso ake a sayansi anali atatsala masiku awiri.

"Pepani bambo," anatero mtsikanayo, "ine sindinalikhudzepo."

"Cholakwika ndi chomwecho, mwana wanga. Palibe amene analikhudzapo. Dzukani."

Anavula jekete, naipinda bwinobwino pampando. Kenaka anatenga hamala nayamba kuchotsa zitseko za kabati chimodzichimodzi.

Phokosolo linawatulutsa mu ofesi a Mulipa, mkulu wa kolejiyo.

"A Namate, kodi mutu ukuyenda? Mukachotsa zitsekozo, buku limodzi nkubedwa, mudziwiretu kuti ntchito yanu yathera pomwepo."

"Ndamva, bwana," anayankha iwo mwaulemu, hamala osaitula. "Koma wakubayo ndampeza kale, ndipo amene ankamkiyira mkatimo ndine."

Chitseko chomaliza chitatsika, anachitsamiritsa kukhoma, nasasa fumbi pa tayi yawo. Millie anali adakaima patali ndi mashelefu, manja kumbuyo.

"Senderani, musankhe nokha," anatero a Namate. "Koma muyambe mwakasamba m'manja."