Kumbuyo kwa Kanjinga ka Bambo

Chilole chitaliza hutala pachitunda, kanjinga kamoto ka bambo anga kanali kayamba kale kutsokomola. Ndinalowetsa galimoto yanga pakati pa iwo ndi chilolecho n'kuyatsa mahazadi, monga ndimachitira tsiku lililonse mwakabisira. Oyendetsa ena ankanditukwana, koma maso anga anali pa chisoti cha bambo, chomangidwa ndi chingwe cha nsapato.

Kunyumba ndinafika mochedwerako dala. Ndinawapeza akusisita thanki.

"Iwe umati ndikagulitse," anatero bambo. "Malole onse amakapatsa ulemu aka."

"Chabwino, bambo."

Anapukuta kagalasi koonera kumbuyo ndi mkono wa malaya, osandiyang'ana.

"Koma mawa usandiyandikire kwambiri, mwananga. Mabuleki akowo sindiwakhulupirira."