Loko Wosachekeka wa ku Luwinga

Sowo yachitatu itatha mano, Chawanangwa Mhango anaseka m'kati mwa shopu yake yowotcherera zitsulo. Mnzake wogwira naye ntchito anali atamutsekera mwangozi n'kupita ndi kiyi ku Nkhata Bay, ndipo pachitseko panali loko amene Chawanangwa anapanga yekha. Kunjaku, anansi ankayesa kucheka lokoyo kuti amutulutse.

"Chekani, abale, musatope," anatero ali pawindo. "M'chitsulo chimenecho muli tinjere ta kabaidi tolimba kuposa mano a sowo. Wakuba azingolira."

Anthu anachuluka. Ena anayamba kupempha kuti awapangire maloko a nyumba zawo, iye n'kumangothokoza m'Chitumbuka kuti yewo chomene, ngakhale m'mimba munali mutayamba kubwadamuka, chimbudzi chili kunja.

Kenaka anatulukira mkazi wake Mabel, musi uli paphewa, akuchokera kosinja.

"A Mhango, ankhoswe a mwana wanu akudikira kunyumba. Mukutani umo?"

"Ndikutsatsa malonda, amayi. Loko ameneyo satheka."

Mabel anangomenya kamodzi ndi musi, loko n'kumwazika ngati kapu yagalasi. Chawanangwa ankadziwa ndithu kuti chitsulo chouma choncho sichipirira kumenyedwa, koma ankakhulupirira kuti akuba a mu Mzuzu amayenda ndi sowo basi.

Anthu anayang'ana tizidutswa tija, anayang'ananso musi, n'kuyamba kuchoka mwakachetechete. Chitseko chitayamba kutseguka chokha, Chawanangwa anachikoka msanga n'kuchigwira ndi manja awiri.

"Ine ndikadali wotsekeredwa," anatero. "Kaitaneni wina wa sowo."