Bambo amene anagulitsa boti pamodzi ndi dzina lake

Panali bambo wina pa boma la Nkhotakota, a Hamidu Bakari, ndipo amene anandiuza nkhaniyi akuti inachitikadi. Bamboyu anali ndi boti loyendetsa alendo panyanja, lolembedwa m'mbali dzina la banja lawo: BAKARI. Silinali lalikulu, koma linali lapamwamba. Linkanyamula anthu ochepa, aliyense pampando wake wofewa. Chakudya chinali cha halali, chololedwa m'Chisilamu, ndipo mowa sunkalowamo. Mtengo unali wokwera, komabe mabwana a ku Lilongwe ndi alendo akunja ankachita kulimbirana malo.

Tsiku lina kunabwera mkulu wina wovala suti, a Zangaphee, wotumidwa ndi kampani yaikulu yomwe inkagula maboti a alendo m'mbali monse mwa nyanja.

"Bwana, ife sitidzasintha kanthu," anatero a Zangaphee. "Tikufuna botili ndi dzina lake lomwe. Inu muzikangopuma kunyumba, chithunzi chanu chizikugwirirani ntchito pachikwangwani."

Mlongo wawo wa a Hamidu, a Mwanahalima, ndi amene ankayang'anira zophika m'botimo. Atamva nkhaniyi anawaitanira pambali.

"Achimwene, ngati boti mwatopa nalo gulitsani, koma dzina la bambo athu lisiyeni. Anthu awa amangofuna kuchuluka kwa okwera. Pitani mukaone kaye zomwe achita ndi maboti ena omwe anagula."

"Achemwali, inu zanu ndi mapoto," anayankha a Hamidu. "Za bizinesi tisiyireni ife."

Anasaina. Anagula galimoto n'kuyamba kuyenda modzimva, ndipo kudoko sanapondekonso. A Mwanahalima ndi anzawo ophika anachotsedwa ntchito, koma a Hamidu anangoti ndi mmene makampani aakulu amachitira. Anthu akawanong'oneza kuti boti lija lasintha, iwo ankati, "Nsanje imeneyo."

Patapita nthawi mwana wawo Bushra anakwatiwa ndi Salimu, mnyamata wa ku Dwambazi, wochokera m'banja lopemphera kwambiri. Ukwati utamangidwa kumzikiti, a Hamidu anafuna kudzionetsa pamaso pa asebele awo, makolo ake a Salimu.

"Mawa nonse ndikukwezani boti langa. Nawonso a shehe abwere. Mukaone chimene dzina la Bakari limatanthauza."

Anaimbira foni a Zangaphee, ndipo iwo anati malo alipo.

M'mawa mwake atafika kudoko, chinayamba kuwalandira ndi phokoso la zokuzira mawu. Mipando yofewa ija inali itachotsedwa. Munali mabenchi, anthu atathithikana ngati m'minibasi. Pachikwangwani panali nkhope ya a Hamidu, atavala kofiya, chipewa chachisilamu, akumwetulira, ndipo pambali pake anajambulapo botolo la mowa.

A shehe anayang'ana chikwangwanicho, kenako n'kuyang'ana a Hamidu. Apa mpamene bamboyu akanabwerera. Koma anaopa kuoneka wabodza.

"Tiyeni tikwere," anatero. "Izi n'zakunja chabe, m'katimu muli bwino."

Boti litafika pakati pa madzi, anyamata anayamba kugawa chakudya m'timbale tapulasitiki. Alendo a Hamidu aja anayamba kudya mosakayika. Mayi ake a Salimu atalawa anaima kaye.

"Mwanawe, nyama iyi ndi ya chiyani?"

"Ndi soseji wa nkhumba, mayi. Ndi amene anthu amamukonda."

Mayiwo anataya mbale n'kuyamba kulira. Ena anathamangira m'mbali mwa boti kukalavula. Agogo ena aamuna anangoti, "Astaghfirullah," kupempha chikhululuko kwa Mulungu.

Nthawi yomweyo mnyamata wina woledzera anawazindikira a Hamidu.

"Eee! Ndi madala a pachithunzi aja! Bwana Bakari, tijambulitse!"

Anawakolowekera dzanja m'khosi, botolo lili m'manja, anzake n'kumajambula pa mafoni. A Hamidu analakalaka kuthawa, koma pakati pa nyanja munthu angathawire kuti? Anakhala chowerama mpaka boti linabwerera kumtunda.

Potsika, bambo ake a Salimu sanakalipe. Anangolankhula motsitsa mawu.

"Asebele, ife timafunsa tisanadye paliponse. Lero sitinafunse, chifukwa pabotipo panalembedwa dzina lanu."

A Hamidu anapita molunjika ku ofesi ya a Zangaphee.

"Fufutani dzina langa pa boti lija, ndi chithunzi chomwe!"

"Dzina lanu liti, bwana? Paja munatigulitsa. Ndipo tikulilembanso pa maboti athu ena, chifukwa anthu amalikhulupirira."

Madzulo ake anapita kwa a Mwanahalima. Anakhala pakhonde osagogoda, mpaka mlongo wawoyo anawapeza.

"Achemwali, ndakulakwirani," anatero, maso ali pansi.

"Ine ndakhululuka, achimwene. Koma kwa apongozi ake a Bushra mukapite nokha."

Anapitadi kukapepesa, ndipo banja la ana aja silinathe. Koma zithunzi zija zinali zitazungulira kale m'mafoni. Alendo akale amene ankakonda botilo anasiya kubwera, ena n'kumaimbira foni a Hamidu kufunsa kuti chinawalowa n'chiyani. Masiku ano Lachisanu likafika, a Hamidu sapita kumzikiti wa pa boma. Amakwera kabaza n'kukapemphera kutali cha ku Bua, ndipo amakhala mzere wakumbuyo. Mlendo akawafunsa dzina amangoti, "Ndine Hamidu," n'kuthera pomwepo.

Phunziro: Katundu ukagulitsa umatha kugula wina, koma dzina labwino likapita m'manja mwa eni ake atsopano, iwo amachita nalo zofuna zawo ndipo manyazi amagwera iwe. Kampani yaikulu ikakulonjeza kuti sidzasintha kanthu, kaone kaye zomwe yachita kwa anzako, ndipo usanyoze malangizo a amene unavutika naye pomanga bizinesiyo. Tumizirani abale ndi anzanu nkhaniyi, mwina pali wina amene watsala pang'ono kusaina.