Gitala ndi Njinga ya Luqman

"Yambanitu achimwene, akwati atopa n'kumwetulira!" anakuwa Subira.

Luqman, mchimwene wakeyo, analiza gitala n'kutsegula pakamwa, koma mawu osatuluka. Nyimbo zake zonse anazipeka akupalasa kabaza m'zitunda za ku Milepa, moti miyendo ikangoima, mutu nawonso unkaima.

"Abweretsereni njinga yawo!" anatero Subira.

Tsoka ilo, njingayo anali ataigulitsa kuti agule gitalayo. Mwamwayi a Mathero, amene anagula njingayo, anali nayo paukwati pomwepo. Anaiimika pasitandi, Luqman n'kukwera. Atangoyamba kupalasa, nyimbo zinakhuthuka, anthu n'kuvina mpaka fumbi koboo!

A Mathero anadzikhazika pampando wakumbuyo n'kumunong'oneza kuti, "Paja munati kabaza mwasiya? Palasani ndithu, sitinafike."